Tizala Timene Ndinamanga ndi Ulusi

Lolemba, 3 Marichi

Wonena ndine, wolemba ndi mwana wanga. Sukulu ndinalekera kalasi yachiwiri, koma ana ndaphunzitsa. Woyamba ndi Anamwino, amabereketsa azimayi kuchipatala. Wachiwiri ndi Aphunzitsi, awa agwira cholemberawa. Mzime wanga, Sipanala, ali ndi galaja yakeyake, injini amaidziwa matenda ndi khutu lokha.

Sipanala yemweyo ndiye wandiyalutsa. Mkazi wake wabereka mwana wamkazi wa zala zisanu ndi chimodzi dzanja lililonse. Iye akuti, "Kwathu kulibe zimenezi, anene kumene wamutenga." Mpongozi wanga wabwera kwanga ndi khanda ndi chikwama. Banja ili silitha ine ndikupuma.

Lachitatu, 5 Marichi

Anamwino anandifotokozera ndi mabatani patebulo, awiri uku, awiri uko. Akuti malangizo omangira thupi mwana amatenga theka kwa bambo, theka kwa mayi. La chala chowonjezerali, kholo limodzi likakhala nalo basi zakwana. Mwana wina amatenga, wina chimamudumpha.

Ndinafunsa, nanga chalacho chikachotsedwa? Anaseka. "Amayi, mwachotsa chala, langizo lili momwemo."

Tiyi anandizizirira m'kapu.

Lachinayi, 6 Marichi

Sipanala anabadwa ndi tizala tiwiri tolendewera. Ndinatimanga ndi ulusi wosokera, tinauma, tinagwa, n'kusiya zipsera. Malemu atate ake analinso ndi zipsera zomwezo. Ndinkaopa kuti azikamuseka kusukulu, ndiye ndinatseka pakamwa zaka makumi atatu.

Aphunzitsi asiya kulemba, akungondiyang'ana. Lemba iwe!

Lachisanu, 7 Marichi

Sipanala sakuyankha foni. Miyendo ndili nayo.

Loweruka, 8 Marichi

Ndinamupeza pansi pa galimoto. Ndinati tuluka. Ndinamugwira manja, n'kupukuta girisi ndi mpango wanga mpaka chipsera chinaoneka.

"Ichi n'chiyani?"

"Njerewere, amayi."

"Njerewere yanzeru bwanji, manja onse awiri, malo amodzimodzi?"

Ndinamuuza zonse, za ulusi, za atate ake. Anakhala pa tayala, akusisita pambali pa kachala kake. Kenako anati, "Mwana ndi mayi ake ali kuti?" Ndinati kwanga, ndipo sulowa ndi ovolosi imeneyo.

Mpongozi akuti kupepesa kwa kukhitchini sakufuna, anamunyoza anthu akumva. Akunena zoona. Za tizala ta mwana aona adokotala, ulusi wanga usayandikire.

Aphunzitsi, uza onse, akwathu ndi akwawo kwa mpongozi: Lamulungu pa 16 Marichi, kwanga, masana. Woyamba kuonetsa manja ndi Sipanala.