Tenga Juzi

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Nkulumane tadzuka, koma kuzizira kwa chaka chino ndiye kwatipeza.

Ndisanalowe m'nkhani zina, pali zinthu zoti tigwirizane kaye, pakuti mukundidziwa kuti mtima wanga sukhala pansi zinthu zikakhala zili balala. Choyamba ndi chiliza chanu. Mwala tasankha wakuda, koma mmisiri analemba kuti Nabhanda, monga amalembera anzathu a Chindebele, ndiye ndamubweza kuti akachotse chilembo chowonjezeracho. Chachiwiri ndi denga la chipinda chanu, lomwe likufunika lata latsopano mvula isanabwere. Ziwirizi ndithana nazo ndekha. Chachitatu ndi njinga ya abambo. Chimenechi ndiye chandigwiritsa cholembera, ndipo ndikuona kale kuti ndiyamba ndachizungulira kaye.

Mwana wamkulu wa achemwali Esinati anachira bwinobwino, mwana wobadwayo ndi wamkazi, ndipo tamutcha Elube, dzina lanu. Akamayamwa amakunga nkhope ngati inu pomvera ulaliki wautali. Kamunda kanu ka kuseri kwa nyumba zomaliza kanatipatsa chimanga chochepa, dzuwa linachipsereza chikumasula, koma maungu ndiye anabereka mpaka tinagawirako aneba. Madzi akuvutabe. Pampopi amatuluka tsiku limene afuna okha, ndipo migolo yanu ija ndi imene ikutisunga. Nkhuku yanu yamawangamawanga inaswa, kenako mphaka wa aneba anatola anapiye awiri. Mukanakhalapo mukanati, “Wolera nkhuku amalerera ndi anzake omwe.”

Basi, ndazungulira mokwanira.

Mukukumbukira tsiku limene anabweretsa njinga ya abambo kuchokera kupolisi, titaika kale maliro. Lole ija inawagunda m'mawa akupita ku ntchito yawo ya kunjanji, ndipo inasiya gudumu lakutsogolo litapindika ngati chipande. Ine ndinali ndisanamalize pulayimale. Munagwira dzanja langa, n'kuliika pa chiwongolero chokhotacho, n'kunena kuti, “Layisoni, lumbira. Usadzapalasenso njinga pamsewu wa galimoto.” Ndinalumbira. Njingayo munaipachika kudenga la kitchini ndi waya, ndipo ilipobe pomwepo. Pogawa katundu wanu, akuluakulu anati ndi yanga.

Zaka zonsezi ndasunga lumbirolo. Ndaphunzira, ndakwatira, ndakalamba nawo makombi, maminibasi athu aja, ndikupanikizana ndi anthu pa siteshoni ya Egodini m'mawa ndi madzulo. Sindinadandaulepo.

Ulendo wa ku Jeremani uja, umene sukulu yathu inandisankhira inu mukudwala, unachitika mwezi wathawu. Paja munandiseka nditakuuzani kuti ndikupita kudera la mapiri amene kale ankaphulika n'kumalavula chiphalaphala chamoto. Munati, “Aphunzitsi, phiri lophika phala? Ndiye anthu akumeneko njala saidziwa.” Amayi, mapiriwo alipodi. Ndawajambula pa bolodi ndi choko kuyambira pamene ndinayamba kuphunzitsa, koma ndinali ndisanapondepo ngakhale limodzi. Anazima kalekale. Pano ndi zitunda zobiriwira, zina zili ndi nkhalango, zina ng'ombe zikudya msipu. Pamene panali kamwa la moto tsopano pali nyanja zing'onozing'ono zozungulira ngati lichero, madzi ake ali phee. Miyala yake ndi yakuda, ina yobookabooka ndi yopepuka moti mungaganize kuti ndi chinkhupule. Ndabwera nawo umodzi kuti ana a m'kalasi aziugwira.

Loweruka lina mphunzitsi amene ankatisunga, bambo wachikulire wa imvi, anati tikaone dzikolo pa njinga. Ndinakana. Ndinati ndili ndi chifukwa cha kubanja. Iye sanaumirire, anangonena kuti ndisaope, msewu umene tikadutse suloledwa galimoto ngakhale imodzi. Inali njanji yakale. Sitima itasiya kuyenda anazula zitsulo, n'kuthira tala, n'kuusiyira anthu a njinga ndi oyenda pansi.

Apa ndi pamene ndinachimwa, ndipo ndinachimwa mwa uphunzitsi. Ndinatenga mawu anu n'kuyamba kuwasanthula ngati funso la mayeso. Munati pamsewu wa galimoto. Uwu si msewu wa galimoto. Ndinafunsa bamboyo ngati pali malo amene msewuwo umadutsana ndi wa galimoto, ndipo anati alipo ochepa, ndiye ndinati pamenepo ndizitsika n'kumakankha. Ndinachitadi zimenezo, anzanga akundidikirira kutsidya akuseka. Ndinayesa mabuleki, ndinafinya matayala, chipewa cholimba cha apanjinga chimene anandipatsa ndinachimanga mpaka kundipweteka chibwano. Zonse zinali m'malo mwake. Koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti tsiku lija m'kitchini simunkapereka funso la mayeso. Munkanena kuti musadzaonenso munthu wanu pa njinga.

Miyendo inakumbuka yokha, Amayi. Ndinagwedera pang'ono poyamba, kenako zinangobwerera, ngati muja ndinkapalasira njinga ya abambo mwendo nditaulowetsa pansi pa mtanda chifukwa chishalo sindinkachifikira. Msewuwo unkakwera pang'onopang'ono, mozungulira zitunda, osalimbana nazo. Ndinakumbukira abambo akunena kuti sitima ndi nkhalamba, siikonda chikweza, imapempha njira kwa phiri. Tinadutsa pa milatho italiitali ya miyala, pansi pake mitengo ikuoneka ngati masamba a m'dimba. Kunalibe hutala, kunalibe kondakitala wokuwa, kunalibe choti ndizicheukira kumbuyo. Ndinkamva tcheni changa, mbalame, ndi mpweya wanga basi. Agogo ena aakazi anandipitirira, dengu lili kutsogolo, n'kundiimbira belu.

Pobwerera unali mtsetse wokhawokha. Ndinasiya kupalasa, njinga n'kumadziyendera, mphepo ikundiwomba kumaso. Ndinakuwa, Amayi. Ine amene. Ndinakuwa ngati mwana, ndipo sindikudziwa kuti ndinkati chiyani.

Chimene chikundidya kwambiri si lumbiro lokha ayi. N'chakuti pa mtsetse umenewo ndinakuiwalani. Chimwalirireni inu panalibe m'mawa umene ndinadzuka osakuganizirani, koma pamenepo munachoka m'mutu mwanga, ndipo ndinasangalala kuposa mmene ndasangalalira pa zaka zambiri. Dothi la pamanda anu lisanakhazikike n'komwe, ine ndinali kuseka pa chinthu chimene chinakusandutsani namfedwa.

Munabwerera m'mutu mwanga pa ngalande. Njanjiyo inaboola phiri lina, ndiye msewu umalowa momwemo, mumdima, madzi akudontha kuchokera kumwamba. Kunja kunali dzuwa, koma mkatimo munali kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo ine ndinali ndi malaya okha. Ine amene ndimanyamula ambulera mu Okutobala, tsiku limenelo juzi ndinaisiya pabedi. Ndili mkati mwa phirilo ndinazindikira chifukwa chake. Panalibe amene anandiuza kuti nditenge.

Inu simunkadziwa kunena kuti eya. Ndikakupemphani kupita kumpira, mukakana munkati, “Kaya zako izo,” ndipo ndinkadziwa kuti ndikangotuluka pageti ndaputa mlandu. Koma mukalola munkangoyang'ana kumbali n'kunena kuti, “Tenga juzi.” Ngakhale kunja kukutentha chotani. Popita ku koleji munatero. Tsiku limene ndinakuuzani kuti ndikufuna kukwatira MaNcube, mtsikana wa Chindebele, munati, “Kwawoko kumazizira, tenga juzi.” Ulendo wa pa njinga uwu ndi woyamba umene ndayenda popanda mawu amenewo. Ndinabwerako ndi chimfine chimene chinandigoneka sabata yathunthu.

Ndinkati ndibisa, koma bambo wa imvi uja anatumiza zithunzi pa foni, ndipo foni yanga imakhala m'manja mwa mwana wanga Thoko, mdzukulu wanu, kuposa mwanga. Anathamanga nayo kwa azakhali ake. Achemwali Esinati anabwera Lamlungu, osakhala n'komwe pansi. Anati, “Aphunzitsi, mano onsewa panja, pa njinga? Chimfinecho musachitche chimfine, ndi mbama ya amayi.” Ndinayamba kufotokoza za msewu wopanda galimoto, iwo n'kundidula: “Zimenezo ukawauze eni ake. Ine sindidzaima nawe pa chiliza uli ndi nkhani kukhosi.” Ndiye ndi ino, ndakuuzani.

Koma nkhani yakula, chifukwa Thoko tsopano akufuna njinga ya agogo ake. Waloza kudenga kangapo. Akuti anzake onse amatha kupalasa, iye yekha ndiye amathamanga pambali atawanyamulira zikwama. Ndinamuuza za lumbiro, iye anandiyankha m'chinenero cha amayi ake, “Baba, ugogo wathi wena, hatshi mina.” Akuti munaletsa ine, osati iye. Mukuona, Amayi? Kusanthula mawu kuja ndamupatsira.

Ndapita naye kwa wokonza njinga wa pafupi ndi mashopu kukangofunsa. Akuti felemu ya njinga zakalezo siifa, chofunika ndi gudumu, chiwongolero, tcheni ndi mabuleki. Sindinaitsitse. Waya wanu uja sindinamukhudze.

Maganizo anga ndi awa. Kuno kulibe njanji yothiridwa tala, ndipo makombi athu mukuwadziwa. Pamsewu sindingamulole, ngakhale atalira chotani. Koma bwalo la mpira la kusukulu kwathu Loweruka masana limakhala lopanda munthu, lili ndi mpanda, ndipo geti lake ndimatha kutseka. Ndayendamo kale n'kutola minga ndi mabotolo osweka. Ndikhoza kumugwirira chishalo, n'kumathamanga pambuyo pake monga ankachitira abambo ndi ine. Mwina ndikudzinamizanso. Ndikudziwa kuti mwana akaphunzirira m'bwalo sathera m'bwalo, tsiku lina adzatuluka pageti ine kulibe. Komanso ndikamuona akuthamanga ndi zikwama za anzake, ndimakumbuka mphepo ija ya pa mtsetse, n'kumadzifunsa ngati ndili ndi ufulu womumana. Inu munaona gudumu lopindika. Ine ndaona gudumulo, ndaonanso msewu uja. Sindikudziwa kuti ndimupatse chiti.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti mundiyankhe, ndipo musachedwe, chifukwa mwanayu tsiku lililonse akumayang'ana kudenga. Bwerani kutulo ngati mmene munabwerera kwa achemwali pa nkhani ya dzina la khanda. Ngati mwakwiya, nenani kuti kaya zako izo, ndidzamva, ndipo Thoko ndidzamuuza ndekha. Ndikulonjeza kuti njingayo sitsika kudenga mpaka mutalankhula, ndipo ulendo uno sindisanthula mawu anu kuti ndipezemo pothawira.

Abambo muwapatse moni. Muwauze kuti sitima imapemphadi njira kwa phiri, ndakaona ndi maso anga.

Juzi ya Thoko, yofiira ija munamulukira, yayamba kumuthina m'mikono, koma ikumukwanabe. Ndaichapa, ndaipinda, ili pa mpando wanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Layisoni