Chidikwidikwi cha Alamu Anu

Lachinayi, 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti mwendo uja unasiya kukuvutitsani. Kuno tilipo. Mwana wanu Kambalame anatuluka m'chipatala Lolemba, akupuma bwino tsopano, ndipo wayambiranso kulongolola kwake kuja. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima wanu ukhale m'malo musanawerenge zotsalazi. Pa foni sindikanatha kukuuzani, chifukwa mukanandidula mawu, pamene ine ndikufuna ndinene zonse, ngakhale zondichititsa manyazi.

Mukukumbukira tsiku limene alamu anu anasiya fodya? Simungaiwale, poti anaonetsetsa kuti pasapezeke wotsalira. Adokotala atangotiuza kuti mwanayu ali ndi mphumu, bamboyo anatisonkhanitsa tonse pabalaza, n'kutulutsa paketi yake, n'kuyamba kuthyola ndudu imodziimodzi misozi ikulengeza m'maso. Inu munamugulira malaya amizeremizere aja. Amayi anati mwamuna ndi ameneyu. Ngakhale kuntchito kwake, kumene amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ophunzira ankayamba kumva nkhani imeneyi asanaonetsedwe n'komwe pamene pali buleki. Munthu wake mukumudziwa, akachita kabwino kamodzi amakadyerera chaka chonse.

Patapita miyezi ingapo anayamba chidikwidikwi. Akalowa m'nyumba madzulo, moni yemwe sankatha kumumaliza. Bambo wamkulu, wa ndevu zake, mimba ikudumpha yokha m'kati mwa malaya, dikwi, dikwi, mpaka sipuni kugwedezeka m'kapu. Ine chitsiru chanu ndinamumvera chisoni. Ndinamumwetsa madzi ozizira, ndinamuthira shuga pa lilime, ndinamuwerengera mpaka makumi atatu iye atagwira mpweya. Tsiku lina ndinabisala kuseri kwa chitseko kuti ndimudzidzimutse, n'kuswa kapu yanga yamaluwa ija. Tsabola ndinamuletsa m'nyumba muno, tonse tinkadya zosakolera chifukwa cha iye. Ndikamuuza za kuchipatala ankakana, amvekere ndi thupi likulira fodya amene anasiya chifukwa cha banja lake. Mukuona, Achemwali? Ngakhale chidikwidikwi anachisandutsa mendulo, ine n'kumamusisita pamsana.

Kenako panabwera fungo. Linali fungo lotsekemera, ngati mango osakaniza ndi chingamu, ndipo ndinkalipeza pa kolala ya malaya anu omwe aja. Anayambanso chizolowezi chodzitsekera m'bafa, mpope ali wotsegula, madzi akungotayika. Akatuluka, tsitsi louma, thaulo louma, koma dikwi. Inuyo mukanaganiza chiyani? Ine ndinati ndi mkazi, ndipo madziwo ndi obisira mawu a pa foni.

Apa ndi pamene ndiyenera kuulula. Mu mzere wathu muno muli mayi wina wa saluni, wamtali, wosayankhulayankhula, amene nthawi ina anakalembetsa kuphunzira galimoto kuntchito kwa alamu anu. Ukadutsa pakhomo pa saluni yake, mafuta atsitsi amanunkhira zipatso zokhazokha. Ndinalumikiza ziwirizi m'mutu mwanga n'kudziona wochenjera. Loweruka lina m'mawa ndinavala bwino, n'kupita konko muli anthu thoo, ena mitu ili m'makina oumitsira tsitsi, ndipo ndinatulutsa mawu amene Amayi atawamva angakane kuti anandibala. Mayiyo sanandibwezere. Anamaliza kaye mzere umene ankaluka, kenako anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mayi, amuna anuwo ine ndinawathawa pa phunziro lachiwiri. Amayankhula kwambiri, ndiye m'galimoto mwawo munthu umabanika."

Saluni yonse inafa ndi phwete. Ndinatuluka mwamanyazi, osamvetsa n'komwe kuti mayiyo wandiuza zoona zonse m'mawu ake omalizawo.

Lachitatu la sabata yatha ndili kuntchito, ndikuyeza nsalu ya kasitomala, ndinalandira foni yoti ndithamangire kuchipatala. Mukudziwa kuti Kambalame amamutenga kusukulu ndi bambo ake, poti ine ndimaweruka mochedwa. Ndinamupeza mwana wanu atamuveka chopumira kumaso, nthiti zikuwerengeka, akukoka mpweya ngati ukuchokera pansi pa chitsime. Kampope kake kopopera m'kamwa kanali katalephera. Sindinaopepo chotero chibadwire, ndipo sindikufuna kudzaonanso zimenezo.

Atayamba kupezako bwino, kunabwera namwino wina wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, atanyamula fayilo. Anafunsa mafunso ake limodzilimodzi: ngati tili ndi mphaka, ngati m'nyumba muli chinyezi, ngati pali wosuta. Alamu anu sanandipatse mpata. Anatukula chifuwa, n'kuyankha mokweza kuti amvenso a pa bedi loyandikana.

"Kwathu ayi, anamwino. Ine ndinasiya kalekale chifukwa cha mwana yemweyu."

Atangotseka pakamwa, dikwi. Namwino anakweza maso pamwamba pa magalasi. Dikwi winanso. Apo Kambalame anasuntha chopumira chija ndi kadzanja kake, n'kufunsa ndi mawu otopa, mopanda n'chiwembu chomwe.

"Adadi, mwayamwanso kamango kanu?"

Namwino sanakalipe. Anangotambasula dzanja, monga amachitira aphunzitsi akagwira mwana akutafuna m'kalasi. Bambo wa zaka makumi anayi anawerama, n'kukweza mwendo wa buluku, n'kusolola m'sokosi kanthu ka pinki kotalika ngati chala. Ndi fodya wamagetsi uja akuti vepu, wotchaja ngati foni, amene umati ukakoka amatulutsa chiutsi chonunkhira zipatso. Mkazi amene ndinakamutukwanira munthu wosalakwa ndi ameneyo, Achemwali. Ankagona m'sokosi.

Zotsalazo ndinazimva pang'onopang'ono kwa mwana. Tsiku lililonse bambo ake akamutenga kusukulu, ankakaimitsa galimoto kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, n'kukweza magalasi onse kuti pasapezeke wondidziwa woona utsi ukutuluka. Kenako ankakoka mwaphuma, kambirimbiri, ngati wakuba akumwa mkaka wa eni ake, mwana ali pa mpando wakumbuyo ndi chikwama chake pamiyendo. Namwino anati ena chimawagwira chidikwidikwi akamakoka mwadyera choncho. Ndiye kuti dikwi aliyense amene ndinkamuthirira shuga, ankandiuza yekha kumene wachokera.

Mukudziwa chimene ananena podziteteza? Anati si utsi, ndi nthunzi chabe, ngati ya m'ketulo. Anati anawerenga pa foni. Namwino anamuyankha mwaulemu kuti iye sangalumbire chimene chautsa mphumu tsiku limenelo, koma mwana wa chifuwa chotere satsekeredwa m'galimoto ndi ketulo ya mtundu umenewo. Alamu anu anafuna kupitiriza mtsutso, koma chidikwidikwi sichinamulole kumaliza chiganizo ngakhale chimodzi. Kunena zoona, chinali chanzeru kuposa mwini wake.

Zonsezi mwina ndikanazimeza, poti kusiya fodya n'kovuta ndipo akanandiuza ndikanamuthandiza. Chimene chandiwawa mpaka m'mafupa ndi ichi. Ndinamufunsa Kambalame chifukwa chimene sanandiuzire miyezi yonseyi. Anayang'ana pansi n'kuyamba kutosatosa bulangete.

"Adadi anati ndikanena, inu mudzachoka, ndiye ndidzakhala ndakuthamangitsani ndine."

Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, Achemwali. Ankabanika kumbuyo kuja, osatsegula galasi, kuopa kuti ataya mayi ake. Bamboyo anatenga katundu amene iye mwini amalephera kunyamula n'kumusenzetsa mwana wodwala, kuti malaya amizeremizere asamuchoke pathupi. Bola akanakhala mkazi weniweni, ndikanadziwa kuti ndapikisana ndi munthu. Chikondi sindikudziwa ngati chilipobe, koma ulemu wokha unathera pa bedi lija. Ndikamuona akudya, akuseka ndi wailesi, akupukuta nsapato zake mosamala, ndimangomva kunyansidwa.

Lolemba titabwerera kunyumba anakonzanso chionetsero. Anatenga hamala, n'kuika kanthu ka pinki kaja, kamene namwino anamubwezera, pa sitepe, n'kundipatsa foni yake kuti ndimujambule akukaphwanya, ati tikutumizireni inu ndi Amayi. Foniyo ndinaiika pa zenera n'kulowa m'khitchini. Anaphwanyabe, ndipo analumbira mokweza kuti a nyumba yoyandikana amve. Misozi yomwe ija inabweranso pa nthawi yake, sinachedwe ngakhale pang'ono.

Lachiwiri ndinapita kukapepesa kwa mayi wa saluni, pamaso pa makasitomala ake monga momwe ndinamunyozera. Anangondikokera mpando, n'kufunsa ngati mwana wayamba kudya.

Tsopano pempho langa. Kachipinda kanu kaja mumasungiramo makina osokera, kodi mungalowe matiresi awiri? Ndinaganiza zoti tidikire sukulu itsekere, ndione ngati munthuyu angasinthe, kenako tibwere tidzapumeko milungu ingapo. Mundifunsirenso za malo kusukulu imene amaphunzira ana anu. Amayi musawauze kaye, ndidzawafotokozera ndekha, poti mkamwini wawoyu, amene anati ndiye mwamuna, amamukonda.

Ndinafika pamenepa n'kuika cholembera pansi, chifukwa mpope wa m'bafa wakhala ukuthira madzi kwa nthawi yaitali, dzuwa lisanalowe n'komwe. Tsopano watsekedwa. Ndamva dikwi kamodzi, kenako kachiwiri, kuseri kwa chitseko, ngati munthu watseka pakamwa ndi thaulo. Ndiye kuti m'sokosi inayo munalinso kena. Kambalame ali pano patebulo akulemba ntchito yakusukulu. Pensulo yake yaima, wandiyang'ana kumaso mwakabisira, kenako wayamba kuimba mokweza kanyimbo ka kusukulu ndi kachifuwa kake kosachira bwinoko, kuti ine ndisamve.

Ndamunyamula n'kumukhazika pamiyendo. Ndamuuza kuti ndamva kale, kuti sanaulule ndi iye, ndiponso kuti ndikuchokadi koma iye ndiye woyamba kulowa m'basi. Zodikira sukulu zija muziiwale. Kalatayi ndiipereka kwa dalaivala wa basi ya mawa m'mawa, ife tibwera Loweruka pa ya masana. Chotsani makinawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asadzandifunse mafunso tsiku loyamba. Ana muwauze kuti mng'ono wawo akubwera, koma asadzamuthamangitse kwambiri posewera. Kambalame akuti akubweretserani chithunzi chimene wajambula, cha nyumba ya mazenera otsegula onse. Alamu anu a kuno atuluka m'bafa, ndipo ataona ndikulemba anena kuti ndikupatseni moni. Anayamba bwino, koma sanamalize. Madzi a chidikwidikwicho akudziwa pamene ali, akatunga okha.

Tsiku la ukwati wanga munandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo zaka zonsezi simunandiuzepo kuti munadziwiratu. Chonde musadzayambe Loweruka. Mudzangotsegula chitseko.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Mayi a Kambalame