Linesi Ali Kale M'kompyutamo

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA CHIPINDA CHA KOMPYUTA CHA TIKONDANE, LIRANGWE

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: M'chipinda chathu, kuseri kwa chigayo
Opezeka: Mayi Patricia Matope (wapampando), a Dyton Sabola (msungichuma), Mayi Eunice Likoswe (aphunzitsi a kompyuta), a Christmas Namakhwa (osunga makiyi), ndi ine Philip Makwinja (mlembi).
Osapezeka: A Chrispin. Akuti apita ku Chileka kukakweza mlamu wawo ndege. Mlamuyo tonse timamudziwa, kabaza weniweniyu amamuopa.

1. Kutsegulira
Wapampando anatsegula ndi pemphero cha m'ma 10 koloko. Chigayo chinali kulira, ndiye tinangomva Ameni.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita
Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Wapampando anapempha mlembi asiye kulembamo za nsapato za anthu. Mlembi anavomera. A Dyton anabwera ndi zomwe zija.

3. Kompyuta yakana kulemba
Mayi Likoswe anati kompyuta yathu imodzi yomweyi yakalamba, ndipo pulogalamu yolembera ikufuna laisensi yatsopano. Ana odzaphunzira kutayipa akungobwerera pakhomo. Msungichuma atamva mtengo wake anafunsa ngati laisensiyo imabwera ndi njinga yamoto yomwe.

Mayi Likoswe anati alipo mapulogalamu aulere, osati okuba ayi, opangidwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene amangogawa kuti aliyense agwiritse ntchito. A Dyton anati chaulere chimene akuchidziwa iwo ndi chimfine. Mayi Likoswe anayankha kuti, "Achimwene, mukadzamangidwa nazo, ndiwo ndizikakupatsirani ndine." Anapitiriza kunena kuti polembera tiike LibreOffice, ndipo kuti makina okalambawa apepukidwe, tifufute zonse za m'katimo, tiikemo pulogalamu ina yaulere yoyendetsa kompyuta yonse, yotchedwa Linux.

Apa a Christmas, amene khutu lawo lamanzere linapuma pantchito kalekale, anaimirira nati, "Muikemo Linesi? Linesi ali kale m'menemo. Musamufufute."

Mlembi anali atakonza zoseka. Sanaseke. Linesi anali mayi a kunyumba kwa a Christmas, tinawaika m'manda chaka chatha nthawi yokolola.

Wapampando anafunsa mofatsa kuti, "Bambo Namakhwa, tiuzeni bwinobwino." A Christmas anati tsiku lina malemuwo anabwera kudzagayitsa, nalowa muno kudzaona ana akuphunzira kujambula mawu, ndipo anawo anawajambula mawu pakompyutayi. Anati foni yawo ilibe mawu a malemu, chithunzi chimene ali nacho n'chaukwati, chinafwifwa. Anati Lachitatu lililonse ana akaweruka, asanatseke chitseko, amayatsa n'kumvera. Komiti inazindikira chifukwa chake batire la sola limatha Lachitatu. Kuyambira chaka chatha takhala tikunamizira a Chrispin kuti amatchajirapo foni. Tidzawapepesa akabwera ku ndege.

A Dyton anatsokomola nati ngati zili choncho kompyuta isakhudzidwe, ana adikire kaye. A Christmas anakana. Anati Linesi sakanalola kuti ana abwerere pakhomo chifukwa cha iye, koma iwowo mtima ukukanika.

Mayi Likoswe anati Linux si munthu, ndipo safuna malo a munthu. Anati mawuwo angathe kukopedwa, monga mmene timapalira moto kwa aneba, wawo osazima. A Christmas anafunsa ngati mawu okopawo adzakhale a Linesi yemweyo kapena wofanana naye. Mayi Likoswe anati adzimvere okha.

Zogwirizana:
(a) Mawu a malemu akopedwe pa fulashi ndi pa memore khadi yoti iikidwe m'foni ya a Christmas.
(b) Pasafufutidwe kanthu mpaka eni ake atamva n'kuvomereza kuti ndi yemweyo.
(c) Zikatero, aulere aja alowe, ndipo mawuwo abwezeredwenso m'kompyuta.
(d) Lachitatu likhale mmene linalili. Za batire zisadzakambidwenso.

4. Zina ndi zina
A Dyton anapempha kuti (a) ichitike pompano, ndipo anatulutsa memore khadi m'foni mwawo, ati nyimbo zake zinawakwana kale. Msungichuma kupereka chinthu chaulere! Mlembi walemba kuti zidzukulu zidzawerenge.

Wapampando anatuma uthenga kuchigayo kuti azimitse pang'ono. Mayi Likoswe anakopa, naika khadiyo m'foni ya a Christmas, nakweza mawu. Tinamva phokoso la ana, kenako mawu amene tonse timawadziwa: "Chayamba kumva chimenechi? Ndinene chiyani ine? Iii, abambo a Nathan, vulani chipewa, muli m'nyumba ya sukulu muno!" Kenako kuseka kwawo kuja.

A Christmas anali atavula kale. A Dyton anavula. Mlembi naye anavula, ngakhale dazi lake salionetsa wamba.

A Christmas anamveranso kachiwiri, foni ili kukhutu lamanja, nati, "Ndi yemweyo. Muikeni mnzakeyo, akhale awiri. Ameneyu sanali wa nsanje."

5. Msonkhano wotsatira
Loweruka, 12 Julayi 2025, malo omwewa. Ana ayambiranso kutayipa Lolemba.

6. Kutseka
Msonkhano unatha dzuwa lili pamutu. Wapampando anayamba pemphero koma mawu anawathera panjira, ndiye a Christmas anamaliza. Ulendo uno tinamva lonse.

Wapampando: Patricia Matope ....................
Mlembi: Philip Makwinja ....................