Mundiuze za Matenda a Achimwene Maxon

Govanhill, Glasgow
Lachiwiri, mwezi wa Epulo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kumeneko. Nanga bondo lija likukuvutanibe? Kaya abambo chifuwa chija chinasiya? Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndingangolira, inu osamva kanthu. Ndiijambula n'kutumiza kwa mng'ono wanga Matilda. Akuwerengereni muli awiri, abambo asanamve.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Yewo. Kuno mwana akatha masiku asanu, azamba amabwera kunyumba kudzamubaya pachidendene n'kutenga timadontho ta magazi. Ine ndinkayesa n'zamwambo chabe. Masabata awiri apitawo anatiitanitsa kuchipatala n'kutiuza kuti Yewo ali ndi matenda a magazi otchedwa sikoselo. Akuti ndi obadwa nawo, ndipo akhala nawo moyo wake wonse. Panopa akuyamwa bwinobwino, wayambanso kumwetulira. Koma akuti akamakula azidzamva kuphwanya m'mafupa, timanja ndi timapazi tizidzatupa, ndipo kuzizira kumawadzutsa matendawa. Amayi, kuno kumazizira pafupifupi chaka chonse.

Mukudziwa kuti bambo a Yewo ali pakoleji, akuphunzira bayoloje. Pakolejipo aphunzira zaka ziwiri, ndipo akakhoza bwino ndiye awatenga ku yunivesite. Chino n'chaka chachiwiri, mayeso omaliza ali mwezi wamawa. Ndili ndi pakati ndinkawaona patebulo akujambula bokosi logawa panayi, n'kumalembamo zilembo. Nditafunsa anati ndi mmene mwana amatengera zinthu kwa makolo, theka kwa mayi, theka kwa bambo. Ine ndinati bola asatengere mphuno yawoyo. Tinangoseka.

Tsiku limene tinachokera kuchipatala anajambulanso bokosi lomwelo. Akuti ine ndili ndi mbewu ya matendawa m'magazi, iwonso ali nayo, ngakhale tonse sitidwala. Mwa tizipinda tinayi tija, kamodzi ndi ka mwana wodwala. Yewo wagwera m'menemo.

Pali pamene ndinalakwa, Amayi. Pakati pali pa miyezi itatu anandiyeza magazi kusikelo. Anamwino anandifunsa ngati ndikufuna womasulira, ine ndi manyazi ndinakana. Analankhula zambiri m'Chingerezi chawo chothamanga chija, ine ndinkangoti inde, inde, kuopa kuoneka mbuli. Anandipatsa pepala loti ndikawapatse amuna anga. Nthawi imeneyo anali pa mayeso, kwinaku akugwira ntchito yosamalira okalamba. Ndinaona kuti za pakati n'zathu azimayi, si zosokoneza nazo mwamuna amene akuwerenga, ndiye ndinaliika m'sutikesi pansi pa zitenje. Ndinalitulutsa titabwera kuchipatalako. Pepalalo limati iwonso akayezetse. Tangoganizani, munthu wophunzira zomwezo tsiku ndi tsiku, pepala lili m'chipinda mwake momwemo miyezi isanu ndi iwiri.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anawerenga, n'kulipinda, n'kunena kuti ngakhale tikanadziwa, magazi athu sakanasintha. Koma kuyambira tsikulo sanapondenso kukalasi. Amangokhala pawindo ndi laputopu kuwerenga za matendawa, akamaliza nkhope ili gwa. Ndikafunsa zimene apeza amati palibe. Aphunzitsi awo aimba kawiri, sanayankhe. Akapanda kulemba mayesowa, malo a ku yunivesite apita, zaka ziwiri zonse n'kuthera pachabe. Dzulo ndinawauza kuti azipita, ine ndikwanitsa. Anandifunsa kuti mwana akatentha thupi iwo ali m'kalasi, ndidzawauza chiyani adokotala pafoni. Pamenepo sananame.

Lolemba likubwerali tikaonana ndi adokotala a ana. Ulendo watha anatifunsa ngati kubanja kwathu alipo amene anadwalapo chonchi. Ine ndinati palibe. Koma pobwerera, tili m'basi, ndinakumbukira malemu achimwene Maxon. Ndinali wamng'ono, komabe ndimakumbuka maso awo achikasu, ndi mmene ankalirira miyendo mwezi wa Juni. Inu munkati ndi malungo, ena ankaloza chala azakhali kuti ndiwo akuwalodza. Atamwalira, dzina lawo tinasiya kulitchula pakhomo.

Ndiye pempho langa ndi limodzi lokha. Mundiuze zoona za achimwene lisanafike Lolemba. Anayamba kudwala ali ndi miyezi ingati? Chinkayamba n'chiyani, kutupa kapena kutentha thupi? Kuchipatala anakuuzani kuti chiyani? Anamwalira ali ndi zaka zingati? Ngati kabuku kawo ka kuchipatala kakadalipo, Matilda ajambule masamba onse anditumizire. Ndikudziwa kuti ndikukutokosani pachilonda, mundikhululukire.

Adokotala akuti kuno mankhwala alipo, Yewo tizimumwetsa kawiri patsiku, ndipo ana otere amakula mpaka kukhala ndi mabanja awo. Ndimamva ndithu. Koma ndikamamusambitsa ndimangoyang'ana timanja take, sindikudziwa kuti kutupa kumayamba bwanji. Akalira sindidziwa kaya ndi njala, kaya ndi mafupa. Bambo ake ali ndi mabuku awo, ine sindingawawerenge. Munthu amene ndikumudziwa woti analerapo mwana wotere ndi inu nokha. Mukandiuza zoyang'ana, mwina ndingalimbe mtima n'kuwauza bambo a Yewo kuti abwerere kukalasi, iwo n'kundikhulupirira.

Musandibisire poopa kuti ndilira. Ndikulira kale. Mundiuzenso mmene munkawanyamulira achimwene ululu ukawagwira, chifukwa zimenezo kuchipatala sanandiuze.

Mundiperekere moni kwa abambo, kwa amalume a ku Nsipe ndi akazi awo, ndi kwa amayi anzanu a kumvano, muwapemphe atikumbukire m'mapemphero. Apongozi a ku Ekwendeni sakudziwa kanthu, mwana wawo awauza yekha. Azakhalinso muwapatse moni wanga. Ngati zili mmene ndikuganiziramu, tinawalakwira zaka zonsezi.

Ndine mwana wanu amene akudikira yankho,
Theresa, make Yewo