Kansalu pa Matumba a Makala

Lachisanu, tsiku la mvula yoyamba. Lelo mtima wakhala pansi.

A Daka, ootcha makala a ku Sasare, abwela masana ndi matumba anga atatu panjinga. Ndinawalipila mwezi watha uvuni ukali kufuka, nditaona kuti palafini wasowa m'masitolo ndipo makala adzakwela mtengo mvula ikangogwa. Sitinalembelane kanthu. Ndinangong'amba tinsalu titatu pa chitenje changa chakale kuti amange pa matumba anga. Amuna anga akhala akundiseka kuti ndinagula utsi. Mtengo utakweladi mvula isanagwe n'komwe, nanenso tulo tinayamba kundivuta.

A Daka afika atanyowa thupi lonse. Akuti pa Minga anthu awili anawaimitsa, kufuna kugula makalawo pa mtengo watsopano.

"Nanga munawakanilanji?" ndawafunsa.

"Amai, ndikati ndicheuke, kansalu kanu kanali kundiyang'ana."

Ndawaphikila tiyi, ndathilamo shuga uja ndinabisila Khisimasi, osaumila. Mulungu awasunge bambo amenewa.

Pano amuna anga akhala pafupi ndi mbaula, akuumitsa nsapato zawo pa utsi wanga uja.