Kugwada Pansi pa Madzi

Lolemba, 6 Malichi

Nonkanyiso, mwana wanga wotsiriza, wandidziwitsa m'mawa uno, akundithirira tiyi, kuti amalume a mnyamata wake afika Loweruka kudzayamba nkhani ya malowolo. Ndinafunsa, monga kholo liyenera kufunsa, ntchito ya Vukani Gumbi ameneyu. Akuti amadyetsa nsomba. Si nsomba zogulitsa, si zodya ayi. Ndi nsomba zongoyang'ana, m'nyumba ija ya kugombe kuno ku Durban, kumene alendo amalipira kuti akaone zimene nyanja imabisa mwanzeru.

Malemu bambo anga nsomba ankaitcha njoka ya m'madzi, ndipo sinalowepo mu mphika wa ku Nongoma kwathu. Lero mdzukulu wawo akufuna kukwatiwa ndi woperekera chakudya kwa njokazo.

"Bambo, simunamuone n'komwe."

"Ndamva ntchito yake, mwana wanga. Zandikwanira."

Ndamuuza kuti sindinalonjeze munthu aliyense kutsegula chipata changa. Alipo amene anaima pazipata za eni mpaka dzuwa kulowa, nabwerera kwawo mawu ali m'kamwa.

Lachiwiri, 7 Malichi

Kwabwera Dumisa, mng'ono wanga wa maminibasi uja, wonunkha dizilo monga mwa nthawi zonse.

"Achimwene, mwana wakula uyu. Mukudikira kuti adzamufunsire Mroma?"

Amaganiza kuti popeza ndinaphunzitsa Chilatini moyo wanga wonse, nthabwala imeneyi siikalamba. Ndinamukumbutsa kuti Aroma olemera ankaweta mikunga m'maiwe, ena n'kumailira ikafa, ndi kuti ufumu wawo tikudziwa kumene unathera. Anayasamula.

Kenaka anatulutsa tikiti yaulere yolowera m'nyumba ya nsomba ija, yochokera kwa mnyamatayo. Ndaibweza. Woweruza sadya kwa woimbidwa mlandu. Ndipita ndi ndalama zanga, tsiku losadziwika, monga ankatifikira oyendera sukulu.

Lachitatu, 8 Malichi

Tiyi wabwera wopanda mawu. Suti yasitidwa, koma ndi ine.

Lachinayi, 9 Malichi

Ndapita. Ndilemba mwadongosolo, pakuti mtima wanga sunakhale m'malo.

Pazenera la matikiti mtsikana wotafuna chingamu ananditchulira mtengo umene m'masiku anga ukanagula nsapato zabwino zachikopa. Ataona nkhope yanga anati, "Musadandaule agogo, okalamba amalipira theka." Ndinamuyankha kuti sindine agogo ake, ndipo sindinabwere kudzaona theka la nsomba. Ndinalipira zonse. Kunyadako kunandikoma mpaka pakhomo. Kuchokera pamenepo kunayamba kuwawa.

M'katimo ndi mdima, chinyezi, ndi ana a sukulu amene aphunzitsi awo anataya kale chiyembekezo. Pansi pa galasi lililonse analembapo dzina la nsomba m'Chilatini. Ndinawerenga onse mosamala kufunafuna cholakwa. Sindinachipeze, ndipo ichi chinandikhumudwitsa. Nsomba zenizenizo zimapita uku, n'kubwerera uko, kukamwa kuli yasa, ngati makansala.

Potsiriza ndinafika pa galasi lalikulu ngati khoma la tchalitchi, loyambira pansi penipeni. Patsogolo pake pali benchi yaifupi, yopangidwira ana, ndipo maondo anga anandilamula kukhalapo. Mayi wina wa chimkuzamawu analengeza kuti nthawi yodyetsa yakwana. "Ana inu, aombereni m'manja amalume Vukani!"

Anatsika m'madzi kuseri kwa galasilo kuchokera pamwamba, atavala zakuda bii ngati chule, botolo la mpweya kumsana, mapazi a bakha, ndowa yotseka m'manja. Anabayibitsa ana. Anadzigudubuza m'madzimo, ana n'kukuwa. Ndinati mumtima: uyu ndiye akufuna kundiberekera adzukulu.

Pamenepo anandiona. Sizinali zovuta: munthu mmodzi yekha m'chipinda chonsecho anavala suti ndi chipewa, ndipo chithunzi changa chili pa foni ya Nonkanyiso. Anauma. Anali pamwamba pa mutu wanga, chinthu chimene mwana woleredwa salola pamaso pa wamkulu, makamaka bambo wa mkazi amene akumufuna. Ndinamuona akumira msangamsanga mpaka pamchenga. Anagwada, anaweramitsa mutu, anaphatikiza manja.

Koma benchi ija ndi yaifupi. Atagwada, mutu wake unali wofananabe ndi wanga. Anatsikanso, chifuwa mpaka kukhudza mchenga. Chivundikiro cha ndowa chinachoka, chakudya chonse chinamwazika, ndipo nsomba za m'nyumba yonseyo zinamuunjirira mpaka munthu osaoneka. Ina yophwatalala ngati lichero inamukhala pamsana.

"Akupemphera!" anatero mwana wina.

"Bodza, wafa!"

Mayi wa chimkuzamawu anaseka. "Amalume Vukani ataya kandalama pansipo, eti?" Patapita nthawi anaitananso, kuseka kutatha: "Vukani, dzuka. Vukani?" Chishaki, chinsomba chodya anthu chija, chinadutsa pamwamba pake mwaulesi, n'kubwereranso.

Ndinakweza dzanja kumumasula. Sanaone. Akanaona bwanji, pamene mkamwini sayang'ana apongozi kumaso? Maso ake anali pa nsapato zanga. Ndinakhosomola, monga ndinkachitira m'kalasi. Galasi lochindikala chotero silidziwa chifuwa cha mphunzitsi wamkulu. Ndipo ndinazindikira kuti malinga ine ndili chikhalire, iye sadzuka, ngakhale mpweya wa m'botolo umuthere.

Ndinaimirira.

Ndikulemba poyera kuti ndisadzakane mawa. Ine Shandu, amene sindinaimirirepo mnyamata chibadwire, ndinaimirira pamaso pa ana a anthu, maondo akulira, kuti wodyetsa nsomba apume. Nsapato zitasuntha, anadzuka pang'onopang'ono, osapyola pachifuwa panga, n'kuyamba kusambira chafutambuyo kuti asandifulatire. Anagunda mwala ndi botolo lake. Ana anaomba m'manja kwambiri, poganiza kuti zonsezi zinali m'kati mwa mtengo wa tikiti.

Sindinaone zotsalazo. Akuti kuli mbalame za kumadzi ozizira zoyenda ngati madikoni. Zikhale.

Lachisanu, 10 Malichi

Nonkanyiso walankhula.

"Bambo, mwamuchita chiyani? Abwana ake amukalipira. Akuti nsomba zazikulu zadya zonse, zazing'ono zagona ndi njala."

"Sindinamuchite kanthu. Ndinangokhala pansi."

"Ndiye vutolo limenelo!"

Anafuna kukwiya, koma pakamwa panamukana, anathawira kukhitchini. Ndinamumva akuseka m'kansalu kopukutira mbale, monga ankachitira malemu mayi ake.

Madzulo Dumisa anafunsa ngati nyumba ya nsomba ija ndi yoyenera ndalama zake. Ndinamuyankha moona. Munthu wofuna kuona nsomba apite kumsika, kumene amaziona ulere ndipo sizimuzunguza mutu. Mtengo ndi wakuba, mdima ndi wochuluka, mabenchi ndi achipongwe. Sindingatumeko munthu.

"Nanga mnyamatayo?"

Ndinati funso lake linali la nsomba.

Chimene sindinamuuze ndi ichi. Anyamata amene anandigwadirapo ndi ambiri, koma onse ankaona ndodo pa tebulo langa. Uyu anali kuseri kwa galasi, nkhope yophimbika, pakati pa ntchito yake. Akanatha kundidutsa ngati sanandidziwe, ndipo ine sindikanakhala ndi umboni. Ntchito yake ndi yopusabe. Pamenepa sindinasinthe.

Loweruka, 11 Malichi

Mvula chiyambire m'bandakucha. Amalume aja afika atatu, amajekete, ndipo ali pachipata akufuula mayina a chiwongo chathu mmodzimmodzi, mpaka agalu a mu Umlazi mwathu muno monse ayankha. Wamkulu wawo ali ndi mawu abwino, ndipo sanalumphe kholo langa ndi limodzi lomwe. Ndamvetsera.

Nonkanyiso watsekeredwa kuchipinda ndi azakhali ake monga mwa mwambo, koma ndikumva mapazi ake: kuzenera, kuchitseko, kuzenera.

Dumisa wasuzumira kawiri.

"Achimwene, anthu aja anyowa mokwanira. Nditsegule, kapena ndiwauze azipita?"

"A kwa Gumbi saopa madzi. Aime pang'ono."

"Ndiye kuti nditsegula?"

"Ndati pang'ono, Dumisa. Ndipatse jekete langa. Ndipo uchotse mpando waufupi uja pabalaza, ubweretse wautali."

Wapita akuseka ngati chitsiru, ambulera m'manja. Mapazi a kuchipinda aja aima. Unyolo wa pachipata ukulira.