Njerwa za M'chitsime Chathu

Salisbury,
19 Febuluwale 1956.

Okondedwa Amayi,

Salamu aleikumu. Muli bwanji kumeneko? Nanga mawondo aja akukulolani kufika kumunda wa mpunga? Ine kuno ku Halale m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi. Inu amene mukuwawerengera amayi kalatayi, chonde musadumphe mzere ngakhale umodzi.

Ntchito ndikadali nayo kwa mzungu wa mapaipi uja. Sabata yathayi anatituma kufamu ina kumene nyumba ili ndi chitsime chakechake. Kumeneko satunga ndi chingwe, injini ndiyo imakoka madzi n'kuwakankhira m'mapaipi mpaka kubafa. Koma imakankha mopitirira muyeso, moti paipi ina inaphulikira dona wa pafamupo m'khitchini, iye n'kutuluka ngati nkhuku yovumbwa. Ndiye tinakaikapo valavu, kachitsulo kolingana ndi chibakera, kamene kamachepetsa mphamvu ya madziwo kuti azilowa m'nyumba mwaulemu.

Tinakumba pamene paipi imachokera ku injini, tinaidula, ine n'kukulunga khonje pa mazinga ndi kumanga ndi sipanala. Nditatha ndinathamangira fosholo kuti ndikwirire. Kapitawo wathu a Lenard Chirwa, Mtonga wa ku Chintheche, anandilanda fosholoyo. Anati chinthu chopita pansi sakwirira chisanayesedwe, mwini wake akuona. Analiza injini, tinakhala ola lathunthu maso ali pa kawotchi kosonyeza mphamvu ya madzi, ndipo mbali imene ndinamanga ine inayamba kudontha. Ndinamasula n'kumanganso. Anzanga anandiseka kwambiri, koma ine maganizo anali kwathu.

Dzulo lake ndinali nditakumana ndi Rashidi wa kwa Malengachanzi, amene wangofika kumene. Anandiuza kuti chitsime chathu chinagumuka ndi mvula ya Januwale, ndipo mwayambanso kutunga kudambo, ngakhale madzi otawazira pokapemphera. Anatinso mlandu wagwera alamu anga a Sufiyani, poti ndiwo anamaliza kumanga ine nditachoka. Akuti amalume alamula kuti mkamwini wa ntchito yotere palibe chomusungira pamudzi, akangokolola mpunga apinde mphasa azipita kwawo, mlongo wanga Habiba atsale ndi ana.

Amayi, a Sufiyani sanalakwe. Wolakwa ndine.

Mukukumbukira kuti m'munsi mwa chitsimecho ndinamanga ndekha. Njerwa zootcha zinandithera nditangotuluka m'madzi, uvuni wina usanapse, ndipo lole ya ku Halale inali kunyamuka Lachinayi. Ndinatenga zidina zosaotcha zinali kuseri kwa nkhokwe zija, ndinayala mizere isanu ndi umodzi, n'kuzipaka dothi lofiira kuti zifanane ndi zinzake. Kunali chilimwe, madzi ali pansi, ndiye ndinadzinamiza kuti sadzafika pamenepo. Inu munasuzumira n'kunena kuti mwana wanu ali ndi manja. Ndinangomwetulira.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti a Sufiyani anapempha kuti atsike aone kaye asanayambe kumanga pamwamba pake. Ndinawayankha mwachipongwe anthu akumva. Ndinati, “Mkamwini aphunzitse mwini mudzi kumanga chitsime?” Iwo anangoti chabwino, n'kutola chipande chawo chomangira. Mwina anadzaona okha pambuyo pake, sindikudziwa. Koma Rashidi akuti pa mlandu wonsewo alamuwo dzina langa sanalitchule, anangoyang'ana pansi.

Ndili ndi manyazi aakulu. Kuno ndikukonzera anthu achilendo madzi oti azingopotokola ndi chala, pamene mayi wanga ndi mawondo amenewo akusenza mtsuko chifukwa cha bodza langa.

Pempho langa ndi limodzi. Itanani amalume, Habiba ndi a Sufiyani akhale pamodzi, kalatayi iwerengedwenso onse akumva, mpunga usanache. Amalume akakayika, afukule pamene panagumukapo. Njerwa za alamu azipeza zathunthu, zanga apeza phala lokhalokha. Ngati pali woyenera kuchoka pamudzi chifukwa cha chitsimecho ndine, ndipo ndinachoka kale.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali a Rahila, Habiba ndi adzukulu anu onse. Kwa alamu anga ndilibe nkhope yoperekera moni. Mungowauza kuti ndikadzabwera kudzakumba chitsime china, iwo ndiwo adzatsike kukaona njerwa iliyonse, ine ndidzagwira chingwe.

Ndine mwana wanu wolakwa,
Fakiri Yasini.